Mphamvu ya Madzi m'Mapaipi a Pakhomo

Chitipa ndi boma la mapiri. Madzi amene anthu amatunga pa mipopi ya m'midzi ya ku Misuku ndi ku Chisenga sakankhidwa ndi injini ayi, koma amatsika okha kuchokera kumtunda. Njira imeneyi idayambira ku Chingale m'boma la Zomba m'chaka cha 1968. Pa Boma penipeni madzi amaperekedwa ndi bungwe la Northern Region Water Board, limene lidakhazikitsidwa potsata lamulo la m'chaka cha 1995.

Tsono madzi akamatsika, mphamvu yake imakula. Amisiri amayesa mphamvuyo ndi muyeso wotchedwa bar, ndipo kutsika mamita 10 alionse kumawonjezera bar imodzi. Motero nyumba imene ili mamita 80 kunsi kwa thanki ikhoza kulandira mabar 8, chonsecho nyumba imangofuna mabar 2 mpaka 4. N'chifukwa chake pa mapaipi otsika m'mapiri amamangapo mathanki ang'onoang'ono, kuti madzi apumuliremo ndi kutaya ukali wake.

Zizindikiro za mphamvu yopyola muyeso sizivuta kuziona. Mipopi imadontha ngakhale rabala yake ili yatsopano, thanki ya m'chimbudzi imasefukira, polumikizira mapaipi pamachucha, ndipo mpopi ukatsekedwa mwadzidzidzi mapaipi amagunda ngati munthu wamenya nyundo. Zimenezi zimanyanya usiku, pamene otunga madzi ali ochepa.

Eni nyumba ambiri amaganiza kuti mankhwala ake ndi kutseka pang'ono mpopi waukulu wa pafupi ndi mita. Kumeneko n'kudzinamiza. Kutero kumachepetsa madzi otuluka okha, koma mipopi yonse ikatsekedwa, mphamvu ija imadzazanso m'mapaipi monga kale. Chimene chimathandiza ndi valavu yochepetsa mphamvu. M'kati mwake muli sipuling'i, ndipo valavuyo imatsekereza njira ya madzi mphamvu ikafika pa muyeso umene mmisiri watchera, ngakhale madziwo asakuyenda.

Mwini nyumba ayambe waitana pulambala wodziwa ntchito kuti ayese mphamvu ya madzi ndi geji, masana ndiponso usiku. Ikamapitirira mabar 5, valavu ija iikidwe kutsogolo kwa mita, mbali ya kunyumba. Mita yokhayo ndi paipi yaikulu ya kumsewu nzosayenera kuzikhudza, pakuti ndi za bungwe lopereka madzi. Vuto likakhala kumeneko, nkhani ikatulidwe ku ofesi yawo. Mapaipi a pulasitiki akwiriridwe pansi, chifukwa dzuwa limawafooketsa, ndipo ana aphunzitsidwe kutseka mpopi pang'onopang'ono.

Madzi odontha adadutsa kale pa mita, choncho adzalipiridwa ndithu ngakhale palibe wawamwa. Kuwonjezera apo, amanyowetsa maziko ndi kufewetsa zipupa za njerwa. Khomo limene layesa mphamvu ya madzi ake lisanaone ngozi lapulumutsa ndalama ndi nyumba yomwe.