Anthu ogwirizana cifukwa ca mabuku a Harry Potter

Kodi munawerengapo buku lokoma mpaka kumapeto, kenako n'kusowa wokambirana naye? Zimawawa ndithu. N'cifukwa cake okonda mabuku a Harry Potter amapanga magulu, ena pamaso m'pamaso, ena pa intaneti.

Mabukuwa anawalemba J.K. Rowling wa ku Britain, ndipo alipo 7. Loyamba linatuluka mu 1997. Amakamba za mwana wamasiye amene akuphunzira zamatsenga pasukulu ya Hogwarts.

Mukangolowa m'gulu lotere, anzanu adzakufunsani kuti, “Ndinu a nyumba iti?” Paja ku Hogwarts ana amawagawa m'nyumba zinayi: Gryffindor, Hufflepuff, Ravenclaw ndi Slytherin. Mukati Gryffindor, ndiye kuti mumadziona wolimba mtima.

Cimene cinalimbitsa ubale wao kwambiri ndi kudikira limodzi. Kwa zaka, ankatsutsana ngati mphunzitsi Snape ndi wabwino kapena woipa. Buku lomaliza litatuluka pa 21 Julayi 2007, anthu m'maiko ambiri anaima pamzere usiku kuti aligule msanga.

Koma samalani, pali lamulo lalikulu: osaulula mathero kwa amene sanamalize kuwerenga. Mukatero mwamubera cisangalalo cimene sicibwereranso, ndipo ubwenzi ungathere pomwepo. Muyambe mwamufunsa kuti, “Mwafika pati?”

Mabukuwa alikonso m'Cipwitikizi. Mukapeza limodzi, osawerenga nokha ayi. Bwerekani mnzanu, mugwirizane tsiku lokambirana. Gulu limayamba ndi anthu awiri basi.