Musanakwere boti lokawedza salimoni pa Nyanja ya Michigan, funsani za zida

Ngati muli ndi mwana kapena m'bale amene amakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, komwe kuli Amalawi ambiri, mwina munalandirapo chithunzi chotere pa WhatsApp: munthu wanu waima kumbuyo kwa boti, mano onse panja, wakumbatira chinsomba chonyezimira chotalika ngati mwana woyamba kuyenda. Nsomba imeneyo ndi salimoni, ndipo madzi ali kumbuyo kwakewo ndi Nyanja ya Michigan, imene ili pa mtunda wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchokera ku South Bend. Tsiku lina mukadzapita kukacheza, nanunso adzakuuzani kuti tiyeni, ndipo ndi bwino mudzakhale mukudziwa zoyenera kufunsa.

Ulendo wotere umayenda chonchi. Anthu angapo amasonkha ndalama n'kubwereka boti pamodzi ndi kaputeni wake kwa maola asanu kapena asanu ndi limodzi, kawirikawiri kuyambira mbandakucha. Makaputeni ambiri ali ndi chiphaso cha US Coast Guard chowalola kunyamula anthu osapitirira asanu ndi mmodzi. Mbedza, zingwe, nyambo, zonse ndi za kaputeni. Inu mumangogula chiphaso chanu chowedzera, ngakhale cha tsiku limodzi chilipo. Choncho pa ulendo wotere simusankha zida m'sitolo ayi. Mumazisankha posankha boti, ndipo nthawi yake ndi pamene mukulankhula ndi mwini boti pafoni, ndalama zikadali m'thumba.

Kuti mumvetse zida zake, muyambe mwaidziwa nsombayo. Azungu amautchula mpasa wathu kuti salimoni wa m'nyanja chifukwa nawonso umakwera mitsinje monga Bua kukaswana, ngakhale kuti nsomba ziwirizi si pachibale. Salimoni wa m'Nyanja ya Michigan ndi mlendo, kwawo ndi ku nyanja yamchere ya Pacific. M'zaka za m'ma 1960 nyanjayi inadzaza ndi tinsomba totchedwa alewife, timene tinkafa tambirimbiri n'kumanunkha m'magombe. Boma la Michigan, motsogozedwa ndi katswiri wa nsomba Howard Tanner, linathira salimoni wa mtundu wa coho m'chaka cha 1966, kenako wa mtundu wa Chinook mu 1967, kuti azidya tinsombato. Chinook ndiye wamkulu. Mu Ogasiti 2021 kufupi ndi doko la Ludington kunagwidwa wina wolemera makilogalamu oposa 21.

Chimene chimalamula zonse ndi kuzizira kwa madzi. Chinook amakonda madzi a madigiri pakati pa 6 ndi 12. Mu Epulo ndi Meyi nyanja yonse imakhala yozizira, ndipo nsomba, makamaka coho, zimapezeka pamwamba ndi pafupi ndi gombe cha kumwera kwa nyanjayi. Pofika Julayi ndi Ogasiti madzi a pamwamba amafunda mpaka kupitirira madigiri 20, koma pansi pake pamatsala madzi ozizira, ndipo pakati pa awiriwa pamakhala malire omveka bwino. Salimoni amatsikira m'munsi mwa malirewo, nthawi zina mamita 20, nthawi zina 35. Mphepo ikaomba masiku awiri kuchokera mbali imodzi, malirewo amasuntha. Boti limayenda pang'onopang'ono, makilomita atatu mpaka asanu pa ola, likukoka nyambo kumbuyo, ndipo funso la kaputeni tsiku lonse ndi limodzi: nyambo yanga ili pa mamita angati, ndipo madzi a pamenepo ndi ozizira bwanji?

Chida chachikulu choyankhira funsoli ndi downrigger. Ndi kamkono kachitsulo komangidwa kumbuyo kwa boti, kokhala ndi gudumu la waya, ndipo kumapeto kwa wayayo kumalendewera mpira wa mtovu wolemera makilogalamu asanu mpaka asanu ndi awiri. Chingwe cha mbedza chimapanidwa ndi kachopanira pafupi ndi mpirawo, mpira n'kutsitsidwa kufika pamene kaputeni akufuna. Nsomba ikaluma, chingwe chimapulumuka pa chopanira chija, ndodo imene inali yopindika imadzuka, ndipo inu mumalimbana ndi nsomba yokha popanda mtovu. Ndodo za ntchito imeneyi zimakhala zotalika mamita awiri ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, zofewa, kuti zizipindika osathyoka. Maboti abwino amamangiriranso kachipangizo pa waya, monga ka Fish Hawk, kamene kamatumiza pamwamba kuzizira kwa madzi ndi liwiro la nyambo pansi pomwepo. Kachipangizoka ndi kofunika chifukwa pansi pa nyanja madzi amayenda mwaokha, ndipo boti likhoza kumayenda bwino pamwamba pamene nyambo pansi ikungolendewera ngati chovala pachingwe. Mukafunsa kaputeni ngati ali nako, ndipo iye akayankha mokondwa ndi kufotokoza, mwapeza munthu wodziwa ntchito yake.

Ma downrigger amakhala awiri kapena anayi basi, ndipo onse amakoka nyambo pafupi ndi boti. Nyanja ya Michigan masiku ano ndi yoyera kwambiri chifukwa cha tinkhono tachilendo timene timasefa madzi, motero nsomba zimaona boti n'kuthawira m'mbali. N'chifukwa chake pali zida zina zotengera nyambo kutali. China ndi kambale kozungulira kotchedwa Dipsy Diver, kamene madzi akamakankha kamamira n'kumapita cham'mbali. Kamakoka mwamphamvu, choncho kamafuna ndodo yolimba ndi chingwe cha waya kapena choluka. Palinso chingwe chokhala ndi mtovu m'kati, chimene chimasintha mtundu pa mamita asanu ndi anayi alionse kuti munthu aziwerenga kuti watulutsa chochuluka bwanji, ndi china cha kopa chimene chimamira kwambiri. Zingwe zimenezi amazikoleka pa timatabwa toyandama timene timathamangira m'mbali mwa boti. Apa ndikuchenjezeni: kukulunga mamita 100 a chingwe cha kopa ndi nsomba ya makilogalamu khumi kumapeto kwake ndi ntchito ya mphindi makumi awiri kapena kuposa. Ngati muli ndi vuto la mtima, la phewa, kapena mwangochitidwa opaleshoni, muuzeni kaputeni akupatseni ndodo ya pa downrigger. Palibe chamanyazi.

Za nyambo sindichedwapo, chifukwa asodzi eni ake sagwirizana. Pali tizitsulo tonyezimira tooneka ngati sipuni yopanda chogwirira, pali chipande cha pulasitiki chozungulira chimene chimakoka kanthenga kumbuyo kwake, palinso nyama ya nsomba yeniyeni. M'mawa kukadali mdima amakonda zowala mumdima. Chofunika kwa inu ndi kudziwa kuti ku Michigan lamulo limalola zingwe zitatu pa munthu aliyense wowedza, ndiye boti la anthu anayi likhoza kuyala zingwe zambiri pa kuya kosiyanasiyana. Yang'ananinso magudumu okulungira chingwe. Akhale ndi kowerengera utali wa chingwe chotuluka, ndipo chomangira chake chizilola chingwe kutuluka mosadukiza nsomba ikathamanga. Gudumu lodzimbiri limene likukakamira limakuuzani zambiri za mmene mwini wake amasamalira zinthu zina zimene simukuziona, monga injini.

Tsopano madzi ozizira omwe aja amene asodzi amawafunafuna ndi amenenso amapha. Ife tinazolowera Nyanja ya Malawi, imene pamwamba pake madzi sazizira kutsika madigiri 20 ngakhale nthawi ya mwera, ndipo munthu wa ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi amene anakulira m'madzi amadziona kuti ndi katswiri wosambira. Nyanja ya Michigan ndi yaikulu kuwirikiza pafupifupi kawiri kuposa yathu, ndipo mu Meyi madzi ake akhoza kukhala madigiri asanu okha. Munthu akagwera m'madzi otere, thupi limakoka mpweya mwadzidzidzi osafuna, ndipo ngati mutu uli pansi amakoka madzi. Pulofesa Gordon Giesbrecht wa ku University of Manitoba ku Canada anaziphunzitsa mosavuta kukumbukira: mphindi imodzi yoti mupume bwino osachita mantha, mphindi pafupifupi khumi manja ndi miyendo zisanafooke, ndi ola limodzi musanakomoke ndi kuzizira. Ola limenelo ndi la munthu yekhayo amene wavala jekete loyandamitsa. Wopanda jekete amamira pamene manja aleka kugwira ntchito, ngakhale akhale wosambira wotani.

Anthu a ku Michigan anaphunzira zimenezi mowawa. Mu Seputembala 1967, coho woyamba atakula n'kubwerera ku mtsinje wa Platte, anthu zikwizikwi anakhamukira kumeneko ndi timaboti ting'onoting'ono ta m'madamu, ambiri asanayendepo pa nyanja yaikulu. Loweruka pa 23 mwezi umenewo kunauka namondwe. Chenjezo linalipo, koma ambiri sanalimve kapena sanalilabadire. Maboti oposa 100 anagubuduzika kapena kuponyedwa kumtunda, ndipo anthu asanu ndi awiri anafa.

Masiku ano boti lonyamula anthu olipira limayenera kukhala ndi jekete la munthu aliyense. Vuto ndi loti majekete a lamulowo ndi akuluakulu, olepheretsa kugwira ndodo, ndiye amangokhala m'bokosi pansi pa mpando. Funsani kuti ali pati ndipo muwaone ndi maso. Ngati simudziwa kusambira, kapena ulendo ndi wa Epulo ndi Meyi, gulani kapena bwerekani jekete lopepuka lokukwanani, mulivale kuchokera padoko. Aja ofufuma okha akagwera m'madzi ndi abwino kwa akuluakulu, koma si a ana osakwana zaka 16 ndipo salimbikitsidwa kwa munthu wosadziwa kusambira. Lamulo la Michigan limakakamiza kuvala jekete ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi okha, koma ine mwana wa zaka khumi sindingamulole kuima kumbuyo kwa boti wosavala. Funsaninso ngati muli wailesi yolankhulirana ndi a Coast Guard, chifukwa foni imataya netiweki mukatalikira gombe, komanso ngati pali munthu wachiwiri wothandiza kaputeni. Ganizirani kuti kaputeni ndiye wagwera m'madzi, injini ikuyenda: ndani mwa inu akudziwa poizimitsira? Muuzeni akuonetseni musananyamuke. Ndipo akanena kuti lero mafunde akula, sitipita, musakangane naye ngakhale munachokera kutali.

Zovala nazo ndi zida. Jinzi ndi malaya athonje zikanyowa zimasunga madzi n'kumakuziziritsani. Valani zingapo zopyapyala, pamwamba jekete losalowa madzi, ndi nsapato zosaterera. Magalasi a dzuwa musawaone ngati chitukuko chabe. Nsomba ikapulumuka pafupi ndi boti, nyambo yachitsulo ya mbedza zitatu imabwerera ngati mwala wa legeni, ndipo imalunjika kumaso. Mbedza ikalowa m'diso, m'chikope kapena pamfundo ya chala, musaizule. Dulani chingwe, phimbani osapanikiza, bwererani kumtunda. Ikalowa pena paliponse, tsukani bala bwino ndipo kumbukirani chaka chimene munabayitsa katemera wa kafumbata. Mukagwira mtovu, sambani m'manja musanadye, ndipo ana asauseweretse.

Chimene chimaononga maulendo ambiri ndi nseru. Mankhwala ake amagwira ntchito mukamwa musanakwere, osati mutayamba kale kusanza. Dimenhydrinate, amene kumeneko amagulitsidwa ndi dzina loti Dramamine, amamwedwa theka la ola kapena ola limodzi musananyamuke, ndipo amagonetsa, choncho asaphatikizidwe ndi mowa ndipo woyendetsa galimoto pobwerera aganizire bwino. Palinso kachigamba ka scopolamine komata kuseri kwa khutu maola anayi ulendo usanayambe. Kameneka kamafuna kalata ya dokotala, sikayenera anthu ena a matenda a maso a glaucoma, ndipo mukakamata sambani m'manja, chifukwa mukagwira diso limaona mwachimbuuzi tsiku lonse. Mayi woyembekezera afunse kaye kusikelo asanamwe chilichonse. Idyani pang'ono zopanda mafuta, khalani panja pamphepo, yang'anani kutali kumene madzi akumana ndi thambo.

Chotsala ndi nsomba ija mwaigwira. Makaputeni ambiri amaitumbula ndi kuidula padoko, inu mubwere ndi bokosi la ayezi. Salimoni ndi chakudya chabwino, cha mafuta othandiza ubongo wa mwana amene ali m'mimba. Koma m'nyanjayi munalowa mankhwala a m'mafakitale otchedwa PCB, amene America inaletsa kupanga mu 1979 koma akadalimo, komanso mercury. Nsomba yaikulu ndi yokalamba ndiyo imasunga ambiri. Nthambi ya zaumoyo ya boma la Michigan imatulutsa kabuku kotchedwa Eat Safe Fish, kamene kamanena kuti nsomba ya mtundu wakuti, yotalika mwakuti, munthu angaidye kangati pamwezi. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono akawerenge asanadzaze firiji. PCB amakhala m'mafuta, ndiye chotsani khungu, mafuta a pamimba ndi kamzere kakuda ka m'mbali, muotche pawaya kuti mafuta azidontha pansi. Mercury ali mu mnofu weniweni ndipo kuphika sikumuchotsa, kotero pamenepo chothandiza ndi kuchepetsa kadyedwe ndi kusankha coho wamng'ono m'malo mwa chinsomba cha pachithunzi chija. Ndikudziwa kuti kwa ife kutaya khungu ndi mutu wa nsomba kuli ngati kutaya ndiwo yeniyeniyo, ndipo msuzi wonona ndiwo umatsitsa nsima. Ndi chambo cha ku Mangochi teroni. Ndi Chinook wa makilogalamu khumi wa ku Ludington, mafuta otsalira m'poto musathire m'mbale ya mwana.