Anthu olondola mapazi a Napolo

Napolo akadutsa, oyamba kufika ndi ofukula mitembo ndi ogawa ufa. Pambuyo pake pamabwera ena, atanyamula tepi yoyezera, kope ndi kamera, ndipo palibe amawalabadira. Awa ndi akatswiri a miyala ndi nthaka, a madzi, mainjiniya ndi ojambula mapu. Iwo amafuna kudziwa kuti matope ndi miyala zikadzatsikanso m'khwawa lomwelo zidzachuluka bwanji, zidzathamanga motani, nanga zidzakaimira pati. Pagulu lonseli, ine ndikuona kuti mwini ntchito ndi woyenda pansi uja, osati wokhala pa kompyuta.

Napolo si madzi wamba. Ndi phala la dothi, miyala ndi mitengo, lolemera pafupifupi kawiri kuposa madzi, n'chifukwa chake limakankha chimwala chachikulu ngati galimoto. Koma limasiya mapazi. Matope omata pamitengo ndi pamakoma amanena kuzama kwake. Pamene khwawa lakhota, phalalo limakwera kwambiri kugombe lakunja kusiyana ndi lamkati, ndipo woyeza akadziwa kusiyana kwa magombe awiriwa amawerengera liwiro lake. Kuti apeze kuchuluka, amayeza m'litali, m'lifupi ndi kuzama kwa zonse zimene zaunjikana kumunsi. Akatero amakwera phiri kukaona dothi limene latsala m'khwawamo, chifukwa Napolo amayamba wamng'ono n'kumadya njira yake, ndipo chimene sanadye chaka chino chikudikira mvula ina. Ntchitoyi imafuna changu: mvula yotsatira imafufuta zizindikiro, eni malo nawonso amayamba kuchotsa miyala kuti adzale.

Wina anganene kuti zonsezi n'zachikale, popeza pali mapulogalamu apakompyuta monga RAMMS ya ku Switzerland amene amajambula njira ya matope munthu ali mu ofesi. Ndi othandizadi, koma manambala ake anachokera kuti? Ku Illgraben, m'dziko lomwelo, bungwe la WSL lakhala likutchera zipangizo m'khwawa kuyambira 2000, kuyeza kugwedezeka kwa nthaka ndi msinkhu wa matope akamadutsa. Ku Oregon, bungwe la USGS linamanga ngalande yotalika mamita 95 momwe akhala akutaya matope dala kuti aone kayendedwe kake. Masamu amene Dieter Rickenmann anasindikiza mu 1999, olumikiza kuchuluka kwa matope ndi mtunda umene amafika, anatengedwa pa zigumukire zimene anthu anaziyeza ndi manja. Dothi la phiri la Michesi si la ku mapiri a Alps. Mukaidyetsa kompyuta manambala obwereka, imakupatsani mapu okongola a khwawa la eni ake.

Chidandaulo cholimba ndi china: akatswiriwa sanena tsiku. Phalombe anakokoloka mu Malichi 1991, Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023 pa namondwe Freddy, ndiye phindu lawo lili pati? N'zoona, tsiku n'lovuta. Mu 1980 Nel Caine anasonyeza kuti pali mlingo wa mvula, mphamvu yake ndi maola amene yagwa, umene phiri limayamba kugumuka ukapyoledwa. Koma kuti mlingowo ugwire ntchito ku Mulanje pafunika zoyezera mvula m'phiri momwemo, ndiponso munthu wolemba ola limene khwawa laphulika. Malo ndiye savuta kwambiri, chifukwa Napolo amabwerera m'njira zake zakale. Zimiyala zobulungira zimene zili m'minda kutali ndi phiri sizinamere pamenepo, ndipo mabanja a ku Zomba amene amakambabe za Napolo wa 1946 akusunga umboni umene dipatimenti ya Geological Survey, yomwe ili mumzinda womwewo, ingathe kuika pamapu. Mapuwo sapatsa munthu wa ku Chilobwe puloti ina. Zimenezo n'za khonsolo ndi mafumu. Chomwe woyeza angachite n'kuloza ndi chala kuti mzere wa matope unafika pakhoma ili, ndipo sukulu isamangidwe kumunsi kwake.