Kuyeza intaneti m'mafamu a ku Mashonaland

Amene anayendapo mumsewu wochoka ku Harare kulowera ku Chirundu amadziwa kuti poyandikira Banket maso amakumana ndi minda ya fodya ndi nyumba zowotcheramo fodyayo. M'makomboni a mafamu amenewa mukukhala ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, omwe anabwera kudzagwira ntchito m'nthawi ya atsamunda. Chinyanja chikumvekabe ndipo Gule Wamkulu akuvinidwabe, koma ambiri mwa iwo alibe chitupa.

Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 anatsegula njira yoti munthu wobadwira m'dzikomo, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko lina la SADC, akhale nzika. Chikhalirecho boma limafuna umboni wa mapepala. Ntchito yathu tsono ndi kuyenda m'makomboni, kujambula zikalata zakale zomwe anthu anasunga, ndi kuzitumiza kwa odziwa malamulo ku Harare. Apa ndi pomwe intaneti imalowerera.

Tsiku lina ndinagona pa nyumba ina ya alendo ku Chinhoyi chifukwa pakhomo pake panalembedwa kuti Wi-Fi ndi yaulere. Foni inaonetsa timizere tonse todzaza. Ndinayamba kutumiza zithunzi madzulo, koma tambala woyamba analira theka lisanapite. Ndinachita manyazi, popeza agogo ena anandibwereka khadi lawo la ntchito, lomwe analisunga m'chikwama cha pulasitiki kwa zaka zambiri, ndipo ndinali nditawalonjeza kuti nkhani yawo ifika m'mawa mwake.

Cholakwa chinali changa. Timizere tija timangosonyeza kuti foni ili pafupi ndi kabokosi kofalitsa Wi-Fi. Sitinena kanthu za njira yochoka pa kabokosiko kupita kunja. Mpopi ukhoza kukhala pakhomo penipeni koma madzi n'kumangodontha.

Kuyeza n'kosavuta. Speedtest ya kampani ya Ookla, kapena Fast.com ya Netflix, imapereka manambala atatu. Yoyamba ndi liwiro lolandirira, yachiwiri ndi liwiro lotumizira, zonsezi mu Mbps, ndipo yachitatu ndi nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ndi kubwerera. Ambiri amangoyang'ana nambala yoyamba chifukwa ndiyo imakhala yaikulu. Kwa wantchito wa m'mabungwe yofunika ndi yachiwiri. Chithunzi cha 5 MB chimatenga masekondi 40 ngati liwiro lotumizira lili 1 Mbps. Likatsika kufika pa 0.1 Mbps, chithunzi chomwecho chimadya pafupifupi mphindi 7, ndipo zithunzi 100 zimafuna maola 11. Nambala yachitatu ikakula, pa foni ya WhatsApp mumangolankhulana modutsana mawu.

Kuyeza kamodzi sikokwanira. Wi-Fi ya pa malo ogona imathamanga masana, koma madzulo alendo onse akabwerera imagawidwa ngati nsima ya pamaliro. Magetsi nawo ali ndi mbali yake. Madzi atachepa m'damu la Kariba mu 2019, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo zikatere kabokosi kaja kamazima, nsanja za mafoni n'kudalira mabatire ndi majenereta. Masiku ano ndisanalipire chipinda ndimafunsa ngati pali sola, kenako ndimapempha kuyeza ndili m'chipinda momwe ndigonemo, osati pa malo olandirira alendo. Eni ake ena amakwinya nkhope, koma sindinathamangitsidwepo.

Ndimayendanso ndi makadi awiri a foni, la Econet ndi la NetOne, chifukwa pomwe ina yafooka inzake nthawi zina imagwira. Dziwani kuti kuyeza komweko kumadya data, choncho pa bandulo yanu musamayeze mobwerezabwereza. Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Zimbabwe mu 2024, yasintha zinthu m'malo ena akutali, koma nayo imafuna magetsi, ndipo imayenera kuyezedwa ngati zina zonse.

Pali chinanso chomwe Speedtest siingakuuzeni. Munthu wachinyengo angathe kutsegula Wi-Fi ya dzina lofanana ndi la hotela kuti atchere omwe alowepo. Funsani dzina lenileni kwa ogwira ntchito pamalopo, ndipo ngati bungwe lanu lili ndi VPN, iyatseni. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 linapatsa POTRAZ udindo woyang'anira katetezedwe ka mbiri za anthu, ndipo mabungwe osunga mbirizo ali ndi udindo wozisamala. Mayina ndi zithunzi za munthu wopanda chitupa si katundu woyenda naye mwachisawawa. Ndikakayika, ndimatumiza pa data ya foni yanga, ngakhale ndalama ipite.

Zithunzi za agogo aja zinapita tsiku lotsatira masana, ndili pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Nditabwerera kukomboni kukawabwezera khadi, analiyang'ana mbali zonse ziwiri asanalibwezere m'chikwama, kenako anandifunsa ngati a ku Harare analiwerenga bwino dzina la bambo awo.