Mawu akamamveka ngati ali mumgolo, musathamangire voliyumu

Teremu yapitayi tinaonetsa ophunzira a Fomu 4 filimu ya Macbeth m'holo, pa home theater imene kholo lina linatibwereka. Mabingu ndi ng'oma zinkagwedeza mawindo, koma zolankhula za anthu sizinkamveka. Okhala kumbuyo anakuwa kuti tikweze. Titakweza, zinangoipiraipira. Dandaulo lomweli timalimva kwa makolo amene anagula makina otere pa boma pano kapena amene anawatumizira abale a ku Joni, choncho tati tikugawireni zimene tinaphunzira tsikulo.

Makina olembedwa 5.1 amakhala ndi masipika asanu ndi sabuwufa imodzi. Sabuwufa ndi ija yogunda pachifuwa. Zolankhula zambiri za mufilimu zimatulukira pa sipika ya pakati, yolembedwa Center, ndipo malo ake ndi pansi kapena pamwamba penipeni pa TV, itayang'ana anthu. Yathu tinali titaiika pakona kuseri kwa kabati. Titaibweza pamalo ake n'kuikweza pang'ono payokha pa rimoti, theka la vuto linatha.

Theka linalo linali besi. Chimene chimasiyanitsa "kuponya" ndi "kuphonya" ndi kampweya kochepa kwambiri, ndipo timawu totere, pamodzi ndi s, f ndi t, timamveka m'mwamba, makamaka pakati pa 2,000 ndi 4,000 Hz. Besi ili pansi kwenikweni. Ikachuluka imakwirira timawu timeneti monga mmene mvula ya pamalata imamizira mphunzitsi. Mukakweza voliyumu mumakweza zonse pamodzi, chokwirira ndi chokwiriridwa chomwe. Ndiye yambani mwaika Bass ndi Treble pakati, kenaka tsitsani Bass pang'onopang'ono mpaka mawu a munthu ayere. Treble mungoikweza pang'ono. Ikapitirira imalasa m'makutu. Ngati makina anu ali ndi Crossover, ikani pa 80 Hz, kuti sabuwufa izitenga zapansi zokhazokha. Anyamata athu amakonda besi yofika kumapeto, tikudziwa, koma filimu ya mayeso si dansi.

Palinso batani limene ambiri amalidumpha, la Distance. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo sipika ya pafupi imafika m'khutu msanga kuposa ya kutali. Yezani ndi tepi kuchoka pamene mumakhala kufika pa sipika iliyonse, mulowetse manambalawo, makina achedwetsa okha yofulumirayo.

A komiti ya mzikiti, nkhaniyi ikukukhudzaninso, chifukwa amplifaya ya Lachisanu ili ndi mabatani omwewa. Chipinda cha simenti ndi malata chimabweza mawu pachokha, ndiye Echo ikakwezedwa pa khutba mawu amagundana, ndipo agogo a kumbuyo amatuluka osatolapo kanthu. Pa zolankhula, Echo itsike mpaka pansi. Kulira kwa "tswii" kumabwera maikolofoni ikamamva sipika yake yomwe: sipika ikhale kutsogolo kwa wolankhula, itamufulatira, ndipo iye ayandikize maikolofoni pakamwa m'malo moti wina akweze Gain. Musakhutire ndi kuyesa muli awiri m'chipinda chopanda anthu. Matupi ndi zovala zimamwa mawu, moti zimene zinamveka bwino Lachinayi madzulo zimasintha anthu akadzaza. Mmodzi aime kumbuyo kwenikweni azikupatsani zizindikiro ndi dzanja.

Makutu akaonongeka ndi phokoso sabwereranso. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80, ndipo phokoso likakwera nthawiyo imachepa msanga. Kunyumba, ngati mukuchita kukuwa kuti mnzanu wa pampando womwewo akumveni, tsitsani.

Magetsi akazima, zimitsani makina pakhoma, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera mwamphamvu n'kupsereza zida. Poyatsa, amplifaya ikhale yomaliza, voliyumu ili pansi; pozimitsa ikhale yoyamba. M'holo mwathu tamata pepala pambali pa makina losonyeza pamene batani lililonse liyenera kukhala, ndipo mapulifekiti awiri ndiwo aloledwa kuwagwira.