Munakasambira kunyanja Loweruka? Dziwani za likodzo musanayambe kukayikirana

Kuchokera pa Golomoti kupita ku Monkey Bay kapena ku Cape Maclear si patali, n'chifukwa chake mabanja achinyamata amakonda kukapitidwa mphepo kunyanja Loweruka. Palibe cholakwika. Koma m'madzi osaya, makamaka pomwe pali bango ndi udzu, mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timalowera pakhungu mukamasambira, ngakhale mutangoviika miyendo.

Vuto lake, zizindikiro zimabwera patapita milungu kapena miyezi, ulendo uja mutauiwala kale. Bambo amaona magazi pomaliza kukodza, nthawi zina mu umuna. Mayi amamva kuyabwa kumaliseche, ululu pogonana, kapena amataya magazi pang'ono akatha kugonana. Apa m'pomwe banja limagwedezeka, wina n'kuyamba kufunsa kuti mnzake wayenda ndi ndani. Chonsecho likodzo silipatsirana pogonana.

Pitani nonse awiri kuchipatala, monga cha Mua, mukayezetse, ndipo musaiwale kuuza adokotala kuti munalowa m'nyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel. Amapereka potengera msinkhu kapena kulemera kwa thupi, ndipo mumamwa mutadya kaye. Likodzo mukalilekerera, mayi angavutike kutenga pakati.