Msilamu ndi Mbalame za M'mbali mwa Nyanja

Pali njira ziwiri zimene anthu amayang'anira mbalame. Ina Qur'an yolemekezeka ikutiitanira, ina Mtumiki Muhammad (S.A.W.) adailetsa. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri mwa ife kuno kunyanja tidagwiritsa yoletsedwayo n'kutaya inayo.

Tiyambe ndi yoletsedwa. Aluya a nthawi ya umbuli akafuna kunyamuka ulendo ankayamba adzidzimutsa mbalame. Ikaulukira kumanja ankapitiriza, ikaulukira kumanzere ankabwerera kunyumba. Mchitidwe umenewu umatchedwa tiyarah, kuchokera ku liwu lakuti tayr, lomwe tanthauzo lake ndi mbalame. M'mahadith a Bukhari ndi Muslim, Mtumiki (S.A.W.) adaukana mchitidwewu, ndipo pamodzi nawo adakananso haamah, yomwe maulama ena adaimasulira kuti ndi chikhulupiriro chakuti kadzidzi akatera padenga ndiye kuti pakhomopo pagwa maliro. Hadith ya Abu Dawud ikuiika tiyarah m'gulu la shirk. Nanga si zomwezi zili m'midzi mwathu? Kadzidzi akalira usiku, banja lonse tulo osaliona, kukacha wina ali pa ulendo wa kwa sing'anga. Nantchengwa akalira pafupi ndi nyumba, akuti kukubwera tsoka. Amene akuchita izi ndi munthu woswali kasanu pa tsiku.

Munthuyo akadadekha n'kuziyang'anitsitsa mbalamezi akadaona zina. Kadzidzi wa nkhope yoyera uja amabwera pamudzi chifukwa chakudya chake chachikulu ndi makoswe ndi mbewa. Pamene pali nkhokwe pali makoswe, choncho iye amatsata rizq lake, ndipo potero amateteza chimanga ndi mpunga wa yemweyo amene akumugenda. Nantchengwa amadya achule ndi tinsomba m'madzi osaya. Chisa chake ndi chimodzi mwa zisa zikuluzikulu za mbalame: mulu wa timitengo, udzu ndi matope, wofoleredwa pamwamba, khomo lake laling'ono lili cham'munsi. Kawirikawiri kadzidzi amalanda chisa chimenechi n'kuikiramo mazira ake. Awiri amene timawanamizira ufiti, nkhani yawo ndi ya chakudya ndi pogona basi.

Kuyang'ana kotere ndiko Qur'an ikufuna. Surah An-Nahl ndime 79 ndi Surah Al-Mulk ndime 19 zikudzudzula munthu amene mbalame zimamudutsa pamutu tsiku ndi tsiku iye osalingalira za Yemwe amazisunga mumlengalenga. Surah An-Nur ndime 41 ikuziwerengera mbalame m'gulu la zolengedwa zochita tasbih. Mneneri Sulaiman (A.S.), mfumu yonse ija, adayendera gulu la mbalame zake mpaka adazindikira kuti imodzi, hud-hud, palibe. Sangazindikire chosowa munthu amene sayang'ana. Ndipo hud-hud imapezeka kwathu konkuno: ndi ija yofiirira, ya mlomo wautali wopindika pang'ono, ya chisoti cha nthenga pamutu, yokonda kujompha pansi.

Sizilira ndalama kapena chida chilichonse. Mukatuluka mumzikiti pambuyo pa swala ya Fajr, imani pagombe kanthawi osapanga phokoso. Yang'anani nkhwazi, mbalame yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi. Imakhala iwiriiwiri, yaikazi ndiyo yokulirapo, ndipo polira imagadamitsa mutu kumbuyo. Ikaona nsomba simira m'madzi, imangotsika n'kuitsomphola ndi zikhadabo. Yang'ananinso anamzeze amene amachuluka mvula ikayandikira. Ena mwa iwo amachokera ku Ulaya, ndipo dzinja likatha amabwerera komweko kukaswa. Kambalame kokwana m'chikhatho kuwoloka chipululu cha Sahara kawiri pachaka! Subhanallah.

Woyang'ana motere dzanja lake limalemera kuti aphe mwachisawawa, ndipo Shariah idaika kale malire. Mbalame zogwira nyama ndi zikhadabo, monga nkhwazi ndi mphamba, n'zoletsedwa kudya malinga ndi hadith ya Muslim, ndipo awa ndiwo maganizo a Imam Shafi'i. Bakha wam'madzi, tsekwe, njiwa ndi nkhanga ndi halali, koma zizingidwe. Apa makolo amvetsetse za legeni ya ana awo. Mbalame imene yafa ndi mwala isadazingidwe ili m'gulu la mawqudhah, nyama yofa pomenyedwa, yomwe Surah Al-Maidah ndime 3 idailetsa. Kutchula dzina la Allah pokoka mphira sikuiyeretsa. Mwana akabwera ndi timpheta takufa kale m'thumba, mayi asatiike mumphika. Za kufwamba zisa, Abu Dawud adalandira nkhani ya maswahaba amene ali pa ulendo adatenga tiana tiwiri ta kambalame. Mtumiki (S.A.W.) ataona make akuuluka mozunguzika adawalamula kuti atibweze.

Abale athu a ku nyanja ya Chilwa nkhaniyi ikuwakhudza kwambiri. Nyanjayi idalembedwa mu 1996 pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zake zam'madzi. Madzi akaphwa, monga zidachitikira mu 1995 ndi 2018, matemba amasowa ndipo anthu amatembenukira ku misampha. Wanjala sitimuweruza, popeza kusaka pofuna chakudya n'kololedwa. Koma mbalame zambiri za kumeneko zimaswa m'nyengo ya dzinja, madzi akadzaza m'madambo. Wokola make pachisa wapha ndi mazira omwe, ndipo chaka chamawa msampha wake womwewo udzagona chabe. Pamene mudzi wagwirizana zotseka kusaka m'miyezi yoswana kapena kupatula malo oti mbalame ziziswerako, Msilamu wa m'mudzimo ali wokakamizidwa kusunga panganolo monga asungira pangano lina lililonse.